Matanga Padenga la ku Hillbrow

Ndinaigula marandi khumi pa Noord
kwa mnyamata wa ku Beira woyala madisiki pakatoni,
chikuto chake chofwifwa ngati chinagona padzuwa chaka chathunthu.
Anati, Tengani mayi, ndi yakalekale iyi,
palibe akuifuna.
Ndinati, Basi tafanana.

Usiku, Zione atagona, mwana wake atagona,
mawu nditachepetsa kuti a Ndlovu kuseri kwa khoma asagogode,
anatulukira mkazi pamlongoti wa chombo,
nsapato zofika m'mawondo, duku lofiira,
lupanga m'chiuno ngati anabadwa nalo.
Anagwira chingwe, nadziponya,
nakatera pachombo cha bwanamkubwa
pakati pa amuna makumi atatu.
Sanaodire. Sanagwade.
Palibe anamufunsa pasipoti.

Ndinaseka mpaka kutsamwa tiyi.

Nyanja yakeyo ndi yabodza, ndikudziwa.
Mafunde amangobwerera pamodzimodzi,
mwezi anaupachika ndi waya,
wobayidwa amayamba wayang'ana pogwera
kenako n'kugwa bwinobwino.
Ngakhale mizinga ilire, tsitsi la mayiyo silisokonekera,
ine woluka mitu isanu patsiku ndikudziwa kuti ndi wigi.

Achifwamba enieni ndinakumana nawo pa Claim Street.
Alibe zipewa za nthenga, sayimba.
Wina anandikanyanga pakhosi, wina anapisa m'chikwama,
foni, ndalama ya lendi, chithunzi cha Mwandida wanga ali Fomu 2.
Anthu anangondilambalala ngati chithaphwi.
Tsiku limenelo lupanga ndinalibe,
ndinali ndi jumbo ya kabichi.

Joni ilibe nyanja.
Ili ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi
yoima kunja kwa mzinda ngati zombo zoiwalika padoko.
Bambo a bambo anga anakumba pansi pa misewu imeneyi nthawi ya Wenela,
anabwerera ku Ntcheu ndi chifuwa
ndi sutikesi yamalata yokhala ndi loko wamkulu.
Titaitsekula atamwalira
tinapezamo jekete, lumo ndi chitupa.
Golide anapita ndi zombo zina,
za achifwamba ovala mataye.

Koma Lamulungu, ndikakwera padenga kukayanika,
nsanjika khumi ndi ziwiri, lifiti inafa chaka chatha,
mphepo ya Ogasiti imadzaza mashiti anga,
phapha! phapha! onse kutupa mbali imodzi,
nyumba yonse imakhala ngati yazula nangula.
Nsanja yaitali ija imasanduka mlongoti wa adani.
Mateksi pansipo ndi timatemba toyera tolimbirana nyenyeswa.
Tiyese, mwana wa Zione, amamanga sokosi kudiso,
ine ndimasolola mpini wa mopu.
Timamenyana pakati pa mathawulo ndi mayunifomu a eni,
iye amafa kawiri, ine katatu,
mpaka mlonda atakuwa kuti tigwa.

Dzulo anandifunsa, Akaputeni, tikulowera kuti?
Ndinaloza kumpoto, kupyola Beitbridge, kupyola Tete.
Iye anati, Ayi, kumeneko ine sindikudziwako.
Anabadwira pano, pa Hillbrow, m'chipatala cha pakona.
Ndinatsitsa mopu.
Ndinati, Chabwino, gwira chiwongolero ndiwe.

Mathero a kanemayu sindinawaone.
Disikiyo ili ndi chipsera.
Ndaipukuta ndi malovu, ndi Colgate, ndi m'mphepete mwa chitenje,
koma imaima pamodzi pomwepo:
chombo chake chikuyaka kumbuyo,
china chili patsogolo, chatalikira pang'ono,
iye ali pachingwe, miyendo m'malere,
pakamwa pali yasa, kaya akuseka kaya akukuwa,
pansi pali madzi.

Ndimamusiya choncho, osazimitsa.
Kuwala kwake kumafika pamatiresi,
pa nsapato zanga zantchito,
pa pepala la ku Home Affairs lomwe latsala ndi masiku naini.
Alamu ikalira folo koloko
ndimamupeza akadali m'mwamba,
chingwe sanachitaye.